Kasinja Womera Mawere

"Mwandiphera kasinja wanga, mlamu."

Laston ananena izi ataimirira pakhomo la Safeli ku Lufita, akuloza kasinja wankhondo wachidole yemwe anamukhoma ndi zitini kuti akamuonetse pa Boma tsiku la chikondwerero cha ufulu. Chikondwerero chinali mawa lake, koma kasinjayo anali atamera msipu kuyambira kumzinga mpaka kumatayala.

Safeli anapitiriza kusenda chinangwa. Anati iye anangotsata mawu omwe Laston ananena pomusiyira kasinjayo: kumata phala la kondowole, kenako kuwaza tinjere kuti chitini chikhakhale ngati chitsulo chenicheni.

"Ndinati tinjere tonga mawere. Ndimanena mchenga."

"Chofanana kwambiri ndi mawere ndi mawere, mlamu."

Laston anatsonya. Anafunsa kuti nanga madzi anafikapo bwanji. Safeli anamukumbutsa kuti iye mwini analamula kuti phalalo lisaume msanga, lingang'ambike. Ndiye ankawaza madzi m'mawa uliwonse nkufunditsa masamba a nthochi.

"Ngati chimera?"

"Ndi mmene timasungira chinyezi kuno. Kwanu mumatani?"

Apa mtima wa Laston unawira. Mwezi wathunthu akudzicheka zala ndi zitini, lero anthu akamuseke pamaso pa ayufi ndi amayi ovala nsalu za chipani, ati mkamwini wakummwera wabweretsa dimba kunkhondo. Anati mutu wa Safeli ngwosungira chipewa basi, ndipo mbuzi ikadya kasinjayo idzakhala yanzeru kuposa womata.

"Mbuzi inayesa dzana. Ndinaimanga."

"Mukanaimasula. Chinthuchi si changa. Dzina langa lisamvekepo, mwamva? Mukadzinyazitse nokha."

"Yewo," anathokoza Safeli, nkupukuta mpeni pabondo.

Kenako anafotokoza mosathamanga kuti dzulo kunadutsa atcheyamani a nthambi pogulitsa makadi a chipani. Ataona kasinjayo anavula chipewa, nkunena kuti asilikali enieni amabisa akasinja awo ndi udzu chonchi, adani asawaone. Analamula kuti akaikidwe patebulo lakutsogolo, ndipo amene anaganiza zomeretsa udzuwo akaitanidwe pachimkuzamawu.

Laston anayandikira kasinjayo. Anagwada, nkuyamba kuwongola timasamba tomwe tinapindika pamzinga. Anati kunena zoona, mawu oti mawere anatuluka pakamwa pake.

Safeli anakokera kasinjayo pakati pa miyendo yake.

"Atcheyamani akubwera masana ano kudzamva dzina. Ndiye yankhani bwinobwino, mlamu: munati mawere kapena munati mchenga?"