Makina Amene Mwana Wanga Sanawadikire

Olemekezeka Mkulu wa yunivesite ino, Olemekezeka akuluakulu a nthambi ya uinjiniya, inu abwenzi amene mwatigulira makina a kompyutawa, aphunzitsi anzanga, amisiri a m'labu, ophunzira, amayi ndi abambo, landirani moni wanga.

Ndathokoza pondikumbukira ine wopuma pantchito, amene ndimayesa kuti pano ndinatsala pachithunzi cha m'khonde chokha. Mwaseka, koma chithunzicho n'chopendekeka mpaka lero.

Zaka makumi awiri ndinagwira ntchito m'kachipinda kapansi, kuseri kwa laibulale, ndi muuni umodzi wa plazima. Kwa alendo athu, plazima ndi mpweya wotenthetsedwa ndi magetsi mpaka kuwala moti diso silingapirire. Tinkathiramo ufa wachitsulo, ufawo n'kusungunuka, n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikazizira msanga inkagwa ngati tinthu tochepetsetsa, toti fumbi ndi lalikulu. Koma za mkati mwa lawilo tinkangoziganizira. Lero titulutse tosalala, mawa mibulu yokhayokha, osadziwa kuti chasintha n'chiyani.

Mwana wanga wachisamba, wamkazi, anali m'kalasi langa. Ndiye analemba masamu otsata kambewu kamodzi ka ufa m'lawimo: kalowera pati, kasungunuka liti, kazizirira pati. Kompyuta yathu inkatha masabata atatu ikuwerengera, magetsi akathima n'kuyambanso poyambirira. Tsiku lina masana analowa mu ofesi mwanga atagwira kalata.

"Bambo, andiitana kunja. Kumeneko zimenezi zimatha tsiku limodzi."

"Tadikira pang'ono mwanawe, makina abwera."

"Chaka chatha munateronso, bambo."

Kalata yomuchitira umboni ndinasaina ndekha, ngati mphunzitsi wake, ndipo ndinalembamo zoona zokhazokha, ndikudziwa kuti ndikumuperekeza. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Adzukulu anga awiri ndimawaonera pafoni, wamng'onoyo sindinamunyamulepo. Mayi ake a mwana wangayo amasesabe m'chipinda chake Loweruka lililonse.

Dzulo ndinajambula makina ali apawa n'kumutumizira. Anaimba nthawi yomweyo, mafunso ake a ntchito okhaokha: alipo angati, liwiro lake n'lotani, aziwasamalira ndani. Ine ndimangoyankha, khutu lili tcheru kudikira mawu ena. Pomaliza anafunsa kuti ophunzira oti aziwagwiritsa ntchito ndi angati. Ndinati asanu ndi mmodzi. Iye anati, "Muwauze azinditumizira zimene akuchita, ndiziwathandiza." Zobwera sananene, inenso sindinafunse.

Tsono inu asanu ndi mmodzi mwakhala kutsogoloku, mulembereni sabata ino, musachite manyazi. Mumuonetse pamene masamu akukukanikani, mumuvutitse ndi mafunso mpaka aone kuti pafoni sizikutheka. Mukatero mwathandiza maphunziro anu, mwathandizanso nkhalamba ziwiri. Ndipo inu akuluakulu, makinawa muwasamale monga mwawalandirira lero, pakuti ana anzeru sachedwa kuona pamene asiyidwa okha.

Ndi mawu amenewa, ndi mtima wothokoza ndiponso woyembekeza, ndikulengeza kuti labu yowerengera za plazima iyi yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri nonse.