Mawu a Amayi M'kakhadi Komwe Ndinafufuta Ndekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kulikonse kumene mukuwerengera izi. Dzina langa ndine Tobiyasi, ndimakhala ku Manja, ndipo ndimagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata. Sukulu ndinalekezera Folomu 1, ndiye pomwe ndakhotetsa mundikhululukire. Koma zimene Mulungu wandichitira sindingakhale nazo chete. Umboni wanga ndi wa kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, memore khadi ya m'foni. M'menemo munali mawu omaliza a amayi anga, ndipo ndinawafufuta ndi chala changa chomwe ndisanawamve.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ine ndine wa mtima wapachala. Kusukulu sanandichotse chifukwa cha fizi ayi, ndinagenda mnzanga ndi mpando. Amayi atadwala anachoka kumudzi ku Chikwawa n'kudzakhala kwa achemwali anga, a Esinati, ku Chilobwe, kuti chipatala chikhale pafupi. Tsiku lina ndinapita kukawaona mlomo uli wotupa, poti dzulo lake ndinali nditamenyana ndi kondakitala wa minibasi. Amayi anandiyang'ana ali chigonere, nati, "Tobi, kodi udzandiika m'manda ndi manja omenyera anthu amenewa?" M'malo mokhala chete ine ndinayankha kuti, "Ngati ndimakuchititsani manyazi, ingondiyesani wakufa." Ndinamenyetsa chitseko n'kumapita. Masiku otsatira anandiimbira kangapo, ine osayankha. Ndinkati ndidzapita mtima ukatsika. Mtima usanatsike, amayi anatsogola.

Kumaliro nakonso ndinaonetsa khalidwe langa. Ndinakangana ndi alamu anga, amuna a achemwali, pa nkhani ya zii, mpaka anthu anachita kutigwira. Titachoka kumanda, achemwali anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifumbatitsa kapepala kopindapinda, m'kati mwake muli kakhadi kaja. Anati, "Amayi anakusiyira mawu m'kakhadi aka. Pojambula ananditulutsa m'chipinda, ndipo sindinamvere chifukwa si anga. Tenga, uzipita." Amayi ankadziwa kujambula mawu pa kafoni kawo kamabatani, chifukwa ndimo ankasungira nyimbo za kwaya ya amayi. Kuchokera tsiku limenelo achemwali sanandiimbirenso, inenso sindinawaimbire.

Miyezi inadutsa ndili ndekhandekha. Kuntchito anzanga ankandiopa, ndiye nthawi ya nkhomaliro ndinkadyera kuseri kwa matumba, iwo akuseka panja. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo n'kutuluka dalitso lisanathe, kuopa kuti wina andifunsa za kwathu. Ndikaweruka ndinkabwerera m'kachipinda kanga, momwe mulibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Kakhadi kaja kanali m'kachikwama ka m'thumba, kuseri kwa chiphaso.

Musaganize kuti sindinkafuna kumva. Ndinkakatulutsa, n'kukaika m'foni, n'kutsegula mpaka pomwe pali mawuwo. Koma chala chikati chidine, mantha ankandigwira. Nanga akakhala kuti ananditemberera? Munthu wamoyo akakukalipira umatha kukagwada, koma womwalira ukamupepesa kuti? Ndiye ndinkangokazula msangamsanga foni ili chiyakire, n'kukabwezera m'kachikwama. Ndinachita zimenezi kambirimbiri, osadziwa kuti kuzula kotereku kumaononga khadi.

Linafika Tsiku la Anakubala. Ndinaona anthu m'tauni akusankhira amayi awo zitenje, ena akukwera minibasi ndi majumbo a shuga. Ine ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, n'kudziuza kuti lero lokha ndimva, kaya kukhale kutukwana. Nditaika kakhadi, foni inalemba kuti khadi yawonongeka, ndipo inafunsa ngati ndikufuna kuifomata. Ndinazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Ndinayesa m'mafoni a anthu atatu, onse yankho lomwelo. Wina anati ndipukute timano take tagolide ndi labala, ndinapukuta. Wina anati ndikayanike padzuwa, ndinayanika. Palibe chinasintha.

Lamlungu lina masana foni inandifunsanso funso lomwe lija, ndipo mutu unangotentha. Abale, ndinkadziwa bwinobwino kuti kufomata ndi kufufuta zonse. Koma ukali ulibe maso. Ndinati, "Fufuta kaya!" n'kudina. Sipanathe ndi mphindi yomwe, foni inandionetsa khadi yoyera, yopanda kanthu. Ndinakhala pansi pa simenti mpaka dzuwa kupendeka. Misozi yomwe inakana kutuluka kumanda inatuluka tsiku limenelo, popanda wondiona, popanda wonditonthoza. Ndinali nditawatsekera amayi chitseko kachiwiri.

Patapita masiku ndinaganiza kuti poti kakhadi katsala kopanda kanthu, bola ndikaikitsemo nyimbo zomwe amayi ankakonda, ndizimvera ndikasowa tulo. Ndinapita kumsika wa ku Manja kwa mkulu wina woika nyimbo m'makhadi. Tinasankha nyimbo pa kompyuta yake, iye n'kutenga kakhadi kuti alowetse. Asanalowetse, magetsi anathima. Iye anati, "Aise, apita amenewo, ubwere mawa." Ndinamunyoza ngati ndi iye wazimitsa, n'kulanda kakhadi kanga. Njira yonse ndinkadandaula kuti ngakhale nyimbo zokha Mulungu akundimana.

Mawa lake pa nkhomaliro sindinadye. Ndinagwada kuseri kwa matumba kuja n'kupemphera pemphero losakongola. Ndinati, "Ambuye, amayi muli nawo Inuyo. Ngati anandikhululukira ndidziwitseni, ngati ananditemberera ndidziwitseninso, koma musandisiye chonchi." Sindinamve liwu lililonse. Belu linalira, ndinabwerera kukanyamula katundu.

Sabata yomweyo abwana anatituma ndi lole kukatsitsa makatoni a sopo pa sitolo ina ku Limbe. Pakhonde pa sitoloyo panali kathebulo ka bambo wina wachikulire wovala kachipewa ka Chisilamu, kodzaza ndi mafoni ophwasula. Kathebuloko kanali panjira yanga, ndiye katoni ili pamutu ndinakuwa kuti, "Madala, chotsani zinyalala zanuzi!" Bambowo anangokoka kathebulo kawo pang'onopang'ono. Titamaliza kutsitsa, dalaivala analowa m'sitolo kukasainitsa mapepala, ine n'kutsamira chipupa. Bambo aja anandikankhira kampando nati, "Khalani apa, achimwene. Munthu akamakalipira thebulo, vuto silikhala thebulo."

Anthu pamenepo amawatchula kuti Che Jafali. Sindikudziwa chinandimasula pakamwa n'chiyani, koma ndinawauza zonse, munthu woyamba kumuuza chichokereni kumaliro. Anamvetsera osandidula. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Mutafomata, munaikamo kanthu? Nyimbo, chithunzi, chilichonse?"

Ndinati ayi, ndinkafuna kuikitsa nyimbo koma magetsi anathima.

Anawomba m'manja kamodzi n'kuseka. "Amene anazimitsa magetsi amenewo amakukondani, achimwene."

Anandifotokozera mwa njira yoti ndimve. Anati kufomata kwa pafoni kuli ngati kung'amba pepala lija limakhala pakhomo la nyumba ya katundu, losonyeza kuti thumba lakuti lili pakuti. Pepala likang'ambika matumba amakhala akadali m'kati, kungoti palibe akudziwa pomwe ali. Koma ukalowetsa katundu watsopano, amaponda pa wakale, ndipo wakaleyo sabwereranso. Nyimbo zija zikanalowa, zikanakwirira mawu a amayi. Ine ndinatukwana munthu chifukwa cha mdima womwe Mulungu ananditchingira nawo.

Che Jafali sanandilonjeze kanthu. Anati kakhadi kangathe kukhala kovulala m'kati, ndipo ntchito yake siyofuna phuma. Anakaika mu envelopu, n'kulemba dzina langa, nati ndibwere Loweruka. Kusiya kakhadi kaja m'manja mwa munthu amene ndinali nditangomunyoza kunali kovuta kuposa kunyamula thumba la simenti. Masiku atatu amenewo ndinkangopisa dzanja m'kachikwama, n'kupeza mulibe.

Loweruka ndinalawirira. Ndinapeza atsegula laputopu yawo yakale yomanga ndi tepi. Anandiuza kuti choyamba anakopera khadi yonse mmene ilili n'kuisunga mu kompyuta, kuti asamavutitse kakhadi kodwala kale. Kenaka anagwiritsa ntchito pulogalamu yofufuza zofufutidwa pa zomwe anakoperazo. Zinthu zinatuluka zambirimbiri, koma mayina ake onse anatayika, kunangotsala manambala. Zithunzi zina zinabwera theka, kumunsi kuli kotuwa. Anandipatsa zomvetsera za m'makutu nati, "Liwu la amayi anu ine sindilidziwa. Apa ntchito ndi yanu."

Ndinayamba kutsegula chimodzichimodzi. Kwaya, kwaya, ulaliki wa pa wailesi, kwaya, phokoso lokhalokha. Dzuwa litafika pamutu, Che Jafali anapita kukapemphera, n'kundisiya ndekha ndi thebulo lawo lonse, ine yemwe ndinati ndi zinyalala. Anthu ankadutsa, oitanira minibasi akukuwa, ine maso pa manambala. Ndiye ndinadina ina, ndipo ndinamva chifuwa. Chifuwa chimenecho ndikanachizindikira pakati pa anthu chikwi.

Poyamba anati, "Esinati, tuluka, tseka chitseko." Panamveka chitseko. Kenaka anayamba, mawu akutuluka movutikira.

"Tobi, ndine mayi ako. Foni sukuyankha, ndiye ndiyankhula ndi kamakina aka. Mawu unanena aja ndinawataya tsiku lomwelo, sindipita nawo kumene ndikupitaku. Iwe kwa ine sunafe. Ukali umenewo ndi wa bambo ako, ndinakhala nawo zaka zambiri, ndimaudziwa. Umayaka ngati udzu wouma, koma wotsala paphulusa umakhala iwe wekha. Uzidya, mwana wanga, waonda. Ndipo mlongo wako Esinati ukamuuze kuti..."

Panamveka kukhwekhwereza, basi mawu anathera pomwepo.

Ndinabwereza kasanu. Che Jafali pobwera anandipeza nditaweramira pathebulo, malaya atanyowa ndi misozi, pakati pa Limbe masanasana. Anayesanso kufufuza mbali yotsalayo ndi pulogalamu ina, koma pomaliza anavula magalasi nati, "Pamenepa kakhadi kanafa, achimwene. Nzeru zanga zathera apa." Anandiikira mawuwo m'khadi yatsopano ndi m'foni momwe. Kakale kaja anakakonza kuti kazitha kutseguka, koma anati ndisadzakakhulupirirenso ndi chinthu chofunika. Ndinawapepesa chifukwa cha mawu anga a tsiku lija. Iwo anangoti, "Mawu amenewa musawasunge nokha. Chinthu chokhala malo amodzi sichichedwa kutayika."

Ndinatsika pakhonde paja ndi chimwemwe chosakanikirana ndi katundu watsopano. Amayi anandikhululukira, izo ndinamva ndi makutu anga. Koma anandituma, ndipo uthenga wake ndinauononga ndi manja anga. Ndikanatha kubwerera ku Manja n'kukhala chete, palibe akanadziwa. Ndinaima pa siteji nthawi yaitali, minibasi za ku Manja zikudzaza n'kumapita. Pomaliza ndinalunjika ku Chilobwe.

Ndinapeza achemwali akuchapa panja. Atandiona anaimirira, thovu lili m'manja, osandilonjera. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kunena kuti, "Achemwali, amayi anandituma kwa inu, koma uthenga wake ndautaya." Ndinawapatsa foni. Anamvetsera ataima, ndipo atamva dzina lawo anagwira pakamwa. Mawu atadukira panjira anayang'ana foni, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye ukandiuze kuti chiyani?"

"Sindikudziwa, achemwali. Pamenepo ndi pomwe ndinaononga."

Anakhala pa ndowa yovundikira n'kulira, kenaka kulira kuja kunasanduka kuseka. Anati, "Kaya ankafuna kunena chiyani, koma wafika. Dzuka apo, ukudetsa thalauza. Alamu ako ali m'nyumba, kayambe ndi iwowo."

Abale anga, ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lokhota la munthu waukali, n'kundikonzera thandizo m'manja mwa bambo amene sitipemphera nawo limodzi, amenenso ndinawanyoza. Sindikunena kuti ndasanduka mngelo. Mutu umatenthabe, koma tsopano ukatentha ndimatuluka panja n'kuyenda mpaka utazizira, ndipo foni ya m'bale wanga ndimayankha ngakhale nditakwiya. Inu amene khadi yanu yawonongeka, musaifomate mwaukali ngati ine, ndipo ngati mwafomata kale musaikemo kanthu, pitani nayo kwa odziwa. Inunso amene mwakhala nokha m'kachipinda mukuganiza kuti zanu zinatha, limbikani, pempherani ngakhale mawu ake akhale osakongola.

Mpaka lero sitidziwa chomwe amayi ankafuna kuti ndikanene. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimapita ku Chilobwe, ndipo timakangana za nkhaniyi pakhonde. Achemwali amati zinali za mbuzi za amayi za kumudzi, alamu amati ankafuna kuti andipezere mkazi. Ine ndimangowasiya, tidzawafunsa eni ake tikadzaonana. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.