Alendo Anga ndi Agalu Awo

Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mawu akandithawa mundidikire pang'ono, sindinazolowere kuima kutsogolo kuno.

Ine ndine Nabanda wa ku Kabwata, mkazi wa a Phiri akalipentala. Ena mumangoti amayi a kunyumba ya agalu. Sindikwiya nalo dzinalo, mumva chifukwa chake.

Tinabwera kuno kuchokera ku Katete boma la Chitaganya lisanayambe. Zaka zinapita, mwana osabwera. Zinapitanso, mwana osabwera. Amayi anzanga, mukudziwa chimene ndikunena. Amuna anga akapita kuntchito, nyumba inkangoti zii. Ndinkasesa pabwalo posesa kale, kuti tsiku lifupike. Kenaka alamu anga, mlongo wawo wa a Phiri, anatumiza mawu akuti kumudzi kuli mtsikana wabwino, woti angawaberekere ana. Amuna anga sanati inde, sanatinso ayi. Anangokhala chete. Chete ameneyo ndiye ankandidya, abale, kuposa mawu a alamu.

Tsiku lina masana, nyengo yotentha ija, ndinagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinalota bwalo langa lomwelo, koma litakula, litafika kutali. Pachingwe panali timalaya ta ana tambirimbiri tikuuluka ndi mphepo. Maluwa a jakaranda ankagwa pang'onopang'ono ngati sakufuna kufika pansi. Pafumbi panali mapazi aang'ono, ndipo pakati pa mapaziwo panali mapazi a galu. Ana sindinawaone, ndinkangomva kuseka kwawo kuseri kwa nyumba. Ndikazungulira, kusekako kwapita mbali ina. Ndinadzuka nkhope ili chinyezi. Ndinati, Ambuye, ngati mukundiseka, lekani.

Sabata yomweyo ndinapita m'tauni kukagula ulusi. Pafupi ndi siteshoni ya sitima ndinaona banja litakhala pansi pa mtengo, bambo, mayi ndi ana awo, mitolo ili pambali. Kamtsikana kanali katakumbatira khosi la galu wofiira womangidwa ndi luzi. Ndinawapatsa moni, ndinamva kuti malankhulidwe ndi akwathu.

Bamboyo anati, “Mayi, ndife a ku Petauke. Ndinalonjeza anawa kuti sukulu akatsekera adzaona sitima ndi maso awo. Mbale amene tinkamudalira tapeza anasamukira kumigodi. Kulikonse kumene tapempha malo akuti anthu inde, galu ayi.”

Ndinati, “Bwanji osamusiya kumudzi galuyo?”

Mayiyo anati, “Mwanayu sadya Kambuku asanadye. Galuyu anatsatira lole imene tinakwera mtunda wautali, mpaka dalaivala anachita chisoni.”

Abale, m'tauni muno momwe ife timagulira nyama pazenera azungu akulowera pakhomo, ndani sadziwa kuwawa kwa kuuzidwa kuti pano ayi? Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, “Nyamulani mitolo. Kambuku nayenso abwere.”

Tinayenda wapansi mpaka ku Kabwata. Ana aja atafika anathamangira kuseri kwa nyumba, nʼkuyamba kuseka. Ine ndinakhala pansi pakhonde.

Madzulo a Phiri anafika ndi njinga yawo, anaima pachipata.

“Nabanda, awa ndani?”

“Alendo.”

“Nanga galuyu?”

“Mlendonso.”

A Phiri anatsamiritsa njinga, anatola zidutswa za matabwa, nʼkuyamba kukhoma kanyumba ka galu. Ana anawazungulira, wina wagwira misomali, wina wagwira sowo. Ndinamva amuna anga akuimba nyimbo ya kwathu. Kuimba kwawo ndinali nditakuiwala.

Banja lija linaona sitima, linaonanso ndege ikutera, linabwerera kwawo. Koma mbiri inayenda. Anabwera aphunzitsi ndi ana awo patchuthi. Anabwera akalaliki ochokera kumigodi, popita kumudzi. Onse ankafunsa chimodzimodzi: “Kodi ndi pano pamene satola ndodo nʼkuthamangitsa galu?” Mpaka khukhi wina wa ku Kabulonga, dera la azungu lija, azungu ake atapita kukapuma kunyanja yamchere, anaitana mkazi wake ndi ana kuchokera kumudzi, nʼkubwera nawo pamodzi ndi chigalu cha bwana, chachitali ngati mwana wa ng'ombe. Chigalu chozolowera kapeti chija chinagona pathumba, chinadya mkute pamodzi ndi anzake, sichinadandaule.

Ntchito ilipo, musaganize kuti nʼkulota kokhakokha. Galu aliyense ali ndi mtengo wake womumangirapo ndi phale lake la madzi, kuti asamenyane. Utitiri ndimalimbana nawo ndi phulusa ndi madzi otentha. Nkhuku zanga zinaphunzira kugona m'mwamba. Nsalu zogonera ndimachapa mpaka manja kuyera. Koma zimene alendo amasiya zatikwanira, a Phiri anaonjezera zipinda, ndipo tchuthi chisanafike malo amakhala atatha kale. M'mawa ndikatuluka kukayanika, ndimaima pakati pa zingwe, timalaya tikundikhudza kumaso, osadziwa bwino ngati ndadzuka.

Ndiye mwezi wathawu alamu anga anafika, mtsikana uja ali pambuyo pawo. Ine ndinali pamtondo, munsi unandipulumuka. Anapeza a Phiri atakhala pampando, khanda la mlendo lili pamiyendo, agalu atagona kumapazi kwawo.

Alamu anati, “Achimwene, munthu uja ndabwera naye.”

Ndinatseka maso. Ndinati, Ambuye, chimene anene ndichilandira, koma mundigwire.

A Phiri anati, “Mwafika bwino, mlongo wanga. Mtsikanayu adye, apume, aone sitima ngati alendo ena onse. Akatero ndimuperekeza kubasi. Nyumba ino ili naye kale mwini wake.”

“Nanga ana?”

“Awerengeni nokha. Ine ndinatopa nako kuwerenga.”

Abale ndi alongo, sindinabwere kudzakunamizani. Mimba yanga ikadali momwe inalili. Mwina Ambuye adzatsegula, mwina ayi, zimenezo nʼzawo. Koma mawu amene ndinawadikira zaka zonsezi ndinawamva ndi makutu anga, masana, pamaso pa anthu. Ndipo alamu anga sanakwiye mpaka kalekale. Anakhala nafe sabata yonse. Tsiku lonyamuka ndinawapeza kuseri akupatsa kagalu ka mlendo fupa, akuyang'ana uku ndi uku kuti wina asawaone.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiseke. Ndikuthokoza inu amayi amene munkandigwira dzanja osandifunsa mafunso. Benchi yakumbuyo ija yadzaza ndi alendo anga a sabata ino, ochokera ku Lundazi. Ndipo tikamaimba mukamva kuuwa panjapo, pansi pa mtengo, akulu a mpingo musatole mwala, amenewonso ndi anga.

Imirirani mukondwere nane. Amayi, nthungululu zimveke mpaka ku Kabwata. Ambuye alemekezeke. Ameni.