Amalume Afanso M'ngalande

A Pearson a ku Mbayani, mesenjala wa pa ofesi ina m'tauni, ndi munthu woti akakana chinthu, ngakhale mutawagwadira m'matope satembenuka. Tsono tsiku limenelo atangofika pakhomo, nsapato asanavule n'komwe, anatchingiridwa pakhonde ndi Lines, mwana wa mchemwali wawo, mtsikana wa Folomu 3 amene amayankha funso lililonse ndendende mmene lafunsidwira.

"Amalume, ndikupempha chilolezo."

"Ngati ndi za disiko, yankho ukulidziwa kale."

"Ayi, ndi za nkhope yanu."

A Pearson anadzigwira patsaya. "Yatani nkhope yanga?"

"Taiika mu gemu ya pafoni imene tapanga ku kalabu ya makompyuta kusukulu. Mawa kukubwera anthu a kampani yopanga magemu, ndiye gulu limene lichite bwino akaliphunzitsa ntchitoyi pa holide, ulere. Koma aphunzitsi akuti mwini nkhope akapanda kuvomera, gemu yathu siionetsedwa."

"Kupanga magemu nakonso ndi ntchito?"

"Ndi ntchito zingapo. Pali wojambula anthu, pali wolemba malamulo oti kompyuta izitsatira, pali woika mawu, ndiye pali woyesa ngati zonse zikuyenda bwino."

"Hmm. Tabweretsa tione."

Anakhala pampando, n'kuvala magalasi. Pafonipo panali kamunthu ka jekete yabulauni ndi tayi yofiira, katapanira envulopu kukhwapa.

"Iii! Ndine uyu!" anatero a Pearson, mano onse pamtunda. "Mpaka kayendedwe! Koma mimbayi wakulitsa chonchi ndani?"

"Thandi, wojambula wathu. Akuti anachepetsako kuti ikwane pasikirini."

"Thandiyo umuuze kuti alibe mwambo. Ndiye ndikupita kuti apa?"

"Kuntchito. Muchoke ku Mbayani mukafike m'tauni ndi envulopu, mukuzemba njinga za kabaza ndi maminibasi. Mukadina apa, mulumpha."

A Pearson anadina. Kamunthu kaja kanathamanga, kanazemba kabaza mmodzi, kanazemba wachiwiri, kenako kanafika pa ngalande. Chala cha a Pearson chinachedwa. Foni inakuwa kuti, "Mayoo!" ndipo sikirini inada bii.

"Chachitika n'chiyani?"

"Mwafa."

"Ati chiyani?"

"Mwafa, amalume. Mwagwera m'ngalande."

A Pearson anaika foniyo pamwendo pang'onopang'ono. "Lines, mawu amenewo sanenedwa kwa munthu wamoyo. Lavula malovu msanga."

Lines anapita kumapeto kwa khonde, n'kulavula, n'kubwerera. "Ndalavula. Koma mwafabe."

"Mwana iwe!"

"Musadandaule, mwatsala ndi miyoyo iwiri."

"Miyoyo iwiri? Kutchalitchi amatiphunzitsa kuti moyo ndi umodzi. Inayo waitenga kuti?"

"Poyamba tinakupatsani isanu, koma mumachedwa kutha."

A Pearson anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Nanga wakuwa kuti mayo uja ndani? Mawuwo ndikukhala ngati ndikuwadziwa."

"Ndi anu. Woika mawu ndine. Ndinakujambulani mu Juni, muli m'bafa, mutangodzithira madzi ozizira."

"Ambuye wanga! Ndiye kuti pakhomo pano ngakhale kubafa munthu alibe ufulu?"

"Ndinali panja, amalume. Mawu anu amafika mpaka kumsewu."

"Tamvera kuno. Ine ndine munthu wokonda maphunziro, aliyense akudziwa. Ndilola, koma uchotse imfayo. Ndikafika pangalande ndizingodutsa bwinobwino, ngati munthu wamkulu."

"Ndiye siikhala gemu. Aphunzitsi akuti wosewera akakhala kuti alibe choopa, amagona."

"Agone! Bola ine ndikhale moyo."

"Inu muli moyo. Wafa ndi uyu."

"Uyuyo ndani?"

"Inuyo."

"Ndiye ukukana chiyani?"

"Sindikukana, amalume."

A Pearson anadzuka, anazungulira mpando, n'kukhalanso. "Chabwino. Ndikafa choncho, chimachitika n'chiyani? Pali olira? Akwaya amabwera?"

"Ayi. Pamangotuluka mawu akuti 'Yesaninso'."

"Yesaninso! Munthu wa msinkhu wanga, mkulu wa mpingo, kufera m'ngalande ngati galu, popanda ngakhale nyimbo imodzi, anthu n'kumangoti yesaninso!"

"Nyimbo tikhoza kuika. Mukufuna iti?"

"Sindikufuna nyimbo!"

"Koma mwangonena kuti palibe nyimbo."

"Ndikuti sindikufuna kufa!"

"Oo. Ndiye muzidina msanga."

A Pearson anapumira m'mwamba. Anatsitsa mawu, ngati mmene amachitira pokambirana mtengo wa malata ku Limbe. "Tiyeni tigwirizane. Ndisamafe. Ndizingovulala pang'ono, mwina mwendo."

"Tinayesa zimenezo. Mukathyoka mwendo mumakakhala pamzere kuchipatala, ndiye gemu imaima mpaka madzulo. Osewera anadandaula."

"Osewera? Kodi alipo enanso amene andipha?"

"Kalasi yonse. Aphunzitsi. Alonda a pageti. Koma katswiri ndi anti."

"Anti ati?"

"Akunyumba kwanu."

"Magdalene? Mkazi wanga wa ukwati woyera?"

"Ndiwo woyesa wathu. Ntchito ya woyesa ndi kufufuza njira zonse zimene munthu angafere, kuti tione ngati penapake talakwitsa. Anti ali ndi luso kwambiri. Apeza njira zina zoti ife sitinaziganizire n'komwe. Dzulo anakugundanitsani ndi minibasi yoima."

"Yoima!"

"Inali ikudikira kudzaza."

"N'chifukwa chake masiku ano akumangoseka akandiona," anatero a Pearson, akuyang'ana pansi. "Ine ndimayesa chikondi chabwerera."

Nthawi yomweyo kukhitchini kunamveka foni ina ikukuwa kuti, "Mayoo!" Kenako kunamveka mayi akuseka mpaka kutsokomola.

Lines anatchera khutu. "Mwafanso."

"Basi!" A Pearson anamenya pampando. "Basi, zakwana! Mawa kukhala makolo, kukhala anthu a kampani, mwinanso azimayi a kumpingo. Onsewo andione ine ndikulowa m'ngalande chamutu, ndikulira kulira kwa kubafa? Ndakana."

"Amalume, tayamba kuipanga teremu yatha."

"Ndakana."

"Anzanga onse akudalira ine."

"Akadalire makolo awo. Ndati ndakana, ndipo ukundidziwa."

Lines ankawadziwadi, ndipo zinamupweteka kwambiri. Ntchito imeneyi Lines ankaifuna ndi mtima wonse, kuposa unamwino umene aliyense pakhomopo ankamusankhira. Misozi inalengeza m'maso, koma anaipukuta ndi dzanja n'kutenga foni yake.

"Chabwino, amalume. Ndikupita kwa Thandi tikasinthe nkhope. Mwina sitimaliza pofika mawa, koma tiyesa."

"Eya, mukaike ya chidole."

"Ayi, tikaika ya a Friday."

A Pearson anaima chilili. A Friday ndi a nyumba yakuseri, ndipo anthu awiriwa akhala akupikisana pa chilichonse, kuyambira kukula kwa wailesi mpaka amene amapemphera nthawi yaitali pamaliro.

"Friday uti?"

"Akuseriwa. Anaona anti akusewera, ndiye anabwera okha kudzapempha. Akuti tiziwapha mmene tingafunire, bola dzina lawo lilembedwe pamwamba."

"Friday! Munthu woti chibadwire sananyamulepo envulopu ya ofesi? Akaipereka kwa ndani, poti m'tauni amasochera?"

"Mu gemu sasochera. Msewu ndi umodzi."

"Ali ndi mwendo wothamangira iyeyo?"

"Miyendo tisiya yanu. Tingosintha mutu."

"Mutu wa Friday pa miyendo yanga!"

"Eya. Ndipo akakafika m'tauni, owaombera m'manja azikawaombera iwowo."

A Pearson anaphethira. "Pali kuomba m'manja?"

"Kumapeto. Mukafikitsa envulopu, tauni yonse imaima. Maminibasi amaliza mahutala, mavenda amavina, abwana amatuluka mu ofesi n'kukugwirani chanza. Kenako pamatuluka zilembo zikuluzikulu: Mesenjala Wamkulu wa Blantyre."

"Abwana amatuluka okha?"

"Amavulanso chipewa."

"Bwanji sunanene zimenezi poyamba?"

"Simunafunse. Komanso simunafikeko, munafa msanga."

"Alipo amene anafikako?"

"Ambiri. Anti okha ndiwo safuna."

A Pearson anayang'ana ku mpanda wa a Friday, komwe wailesi inali ikulira mopitirira muyeso, n'kuyang'ananso foni ili m'manja mwa mwana. Lines anali atayamba kale kutsika masitepe.

"Ukupita kuti?"

"Kwa Thandi. Ndidutsira kwa a Friday kukawajambula akukuwa."

"Bwerera kuno! Bweretsa foniyo!"

"Koma mwakana, amalume."

"Ndani wakana?"

"Inuyo. Katatu."

"Kumeneko kunali kuganiza mokweza." Anamulanda foniyo, anavalanso magalasi, n'kukhala bwino pampando chala chili chire. "Ukawauze aphunzitsi ako kuti mwini nkhope wavomera. Ndipo Friday yo umuuze asalote. Wofa pa Mbayani pano ndine, ndipo ndifa mpaka ndikafike m'tauni!"