Kachitseko ka mafuta kanandichedwetsa kwa amama

Monire omvera nonse. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Zolozolo.

Nthawi ija mafuta ankasowa, achemwali anga anandiimbira foni ali kumudzi ku Nkhata Bay. Anati, "Amama adwalika chomene, bwera ndi galimoto tiwatengere kuchipatala." Amuna anga anali kuntchito ku Karonga, ndiye alamu anga ndi amene anayendetsa kagalimoto kathu. Tinaima pamzere wa mafuta kuyambira m'mawa, mwana ali kumsana.

Titafika papampu, alamu anakoka kachitsulo kotsegulira, koma kachitseko ka mafuta sikanatseguke. Anayesa ndi kiyi, anamenya ndi chibakera, osatheka. Akumbuyo anayamba kuliza mahutala.

"Amama, ikani pambali, anthu ndi ambiri," anatero wothira mafuta.

Ndinamupempha mogwada, koma anatikankhira pambali basi. Foni ya amuna anga inagwira patapita nthawi.

"Aa! Ndinamanga ndi waya mkati mwa buti, kuopa akuba opopa mafuta. Vundukulani kapeti kumanzereko," anatero.

Ndinamasula ndekha wayayo, kachitseko n'kutseguka. Koma mafuta anali atatha papampupo. Maminibasi nawonso anali pamzere womwewo, ndiye ndinasowa chokwera tsiku limenelo.

Ndinafika kumudzi mawa lake, n'kupeza azimayi akulira pakhonde. Achemwali anati amama ankangofunsa ngati galimoto yafika.

Sindinakangane nawo amuna anga, ankateteza chathu. Koma mpaka lero ndikamva fungo la petulo, mtima umandiwawa. Abambo, chilichonse chimene mwamanga pagalimoto, uzani apabanja panu musanachoke pakhomo.