Ndudu ya Kuseri kwa Khutu

M'kuyendayenda kwangaku, tsiku lina mvula inandikhazika pa benchi ya kachipatala ka pakoleji ina. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo mkatimo nesi anali ndi wophunzira yemwe sabata yapitayo anamumata timbewu tolimba pakhutu ndi kapulasitala, toti azifinya chibaba cha fodya chikamugwira.

"Ndiye wasiya?" anafunsa nesi.

"Ndawonjezera, anesi."

"Sizingatheke! Njirayi imagwira. Iweyo sufinya."

"Ndimafinya! Munati chibaba chikabwera, dzanja lizipita kukhutu."

"Eya."

"Limapita ndithu. Ndiye limakapeza ndudu."

"Ndudu ikutani kukhutu?"

"N'komwe ndimasunga. M'thumba imathyoka."

Nesi anaika cholembera pansi. "Nanga osaichotsa bwanji?"

"Munati ndisagwedeze kalikonse pakhutupa mpaka ndidzabwerenso."

"Mayo ine! Umafinya nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi imodzi, monga munanenera. Ikatha ndimayatsa."

"Ndani anati uziyatsa?"

"Za pambuyo pa mphindiyo simunanene. Chonde anesi, ndithandizeni. Chibwenzi changa chanena kuti Loweruka chikamva fungo la fodya pa ine, basi zatha. Amanunkhiza ndi zala zomwe."

"Vuto si njirayi ayi. Tembenuka, ndimate khutu linalo."

Wophunzira uja anatembenuka. Kuseri kwa khutu linalo kunalinso ndudu.

"Iyinso n'chiyani?"

"Ndi ya mnzanga wa m'chipinda. Iye akusiya fodya, ndiye wandisungitsa."

"Iwe! Ukufuna kundipengetsa?" Nesi anakweza tsitsi n'kuonetsa kapulasitala pakhutu pake. "Waona? Miyezi isanu ine osasuta! Njira yomweyi! Bweretsa zonse ziwiri!"

Anazitsomphola. Koma m'malo moziponya m'bini, anazigubuduza m'zala, n'kuziyandikitsa pamphuno. Dzanja lina linali kukhutu, likufinya mpaka khutu kupindika.

"Bini ili kumbuyo kwanu, anesi."

"Ndikudziwa."

"Finyani kwambiri."

"Ndikufinya, sukuona?" Anasuzumira pazenera, kenaka mawu anatsika. "Machesi uli nawo?"

"Mphindi sinakwane."

"Ndati machesi!"

Wophunzirayo anayang'ana wotchi yapakhoma, anadikira mpaka mphindi itakwanadi, ndiye n'kupereka bokosi lonse. Anasisita kuseri kwa makutu ake onse awiri, n'kupeza mulibe kanthu. Anamwetulira.

"Zoona, njira yanu imagwira, anesi. Loweruka ndapulumuka." Ali pakhomo anacheuka. "Mubwere Lachisanu, ndidzaone ngati mwasiya."