Msilikali wa Che Saidi

Chaka chimene mapaundi ankatha kuti kubwere makwacha, madzi anandikokololera mpunga wonse kudimba, ndipo ine, agogo anu aakazi ali ndi pakati, ndinapita kwa Che Saidi, telala wa pamsika ku Domasi, kukapempha kuti andiphunzitse kusoka. Ndinapeza msuweni wanga Benesi atafika kale ndi pempho lomwelo, koma mpando wa wophunzira unali umodzi.

Inu lero tchesi mumasewera pafoni, mdani osamuona nkhope, koma ife tinkasewera pakhonde la telalayo, pabolodi limene anabwera nalo kuchokera ku Joni, hatchi imodzi itasowa, m'malo mwake muli bobini ya ulusi ya makina osokera. Anangoti, "Mpando ndi wa amene amvetse chiyambi changa."

Chiyambicho tamverani. Ankakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumukazi, nanu n'kukankha wanu kuti ayang'anizane pakati, ndipo iwo n'kubweretsa wina pambali pake, poyera, ngati amuyiwala. Tsono ife tinali ana a bawo, ndipo pabawo ukaona chodya umadya, ndilo lamulo. Benesi, amene anayamba kusewera nawo, anadya msilikaliyo, n'kuyamba kutchinjiriza phindu lakelo kumphepete kwa bolodi, ngati munthu wolondera dzungu limodzi anyani ali m'chimanga. Pamenepo hatchi ndi mabishopu a Che Saidi atuluka kale, pakati ponse patengedwa.

"Che Benesi, mwakhuta?" anaseka motero. "Nanga mfumu yanu igona kuti?"

Ine ndinaziganizira ndikufukula matope kudimba, mpaka ndinakumbukira mawu a akulu oti kupatsa n'kuika. Tsiku langa litafika nanenso ndinadya, koma bishopu wawo atabwera kudzatenga chake sindinalimbane naye. Ndinatulutsa hatchi zanga, bobini ija ili patsogolo, n'kubisa mfumu pakona. Musaganize kuti ndinapambana ayi, anandigonjetsa ndithu.

"A Mateyu, msilikali uja munamutayiranji?" anandifunsa.

"Sanali wanga, Che Saidi. Munangondigwiritsa kuti ndichoke pakati."

Pamenepo anandipatsa sizasi. "Mawa mulawire. Nsalu nayonso imafuna munthu wodziwa chotaya."

Kadilesi koyamba kamene mayi anu anavala ndinasoka ndine, kolala ili yopotoka. Choncho adzukulu anga, munthu akakuikirani chabwino poyera, landirani ngati mukufuna, koma muyambe mwayang'ana malo amene mukuchokapo kuti mukachitenge.